Msilikali akudya ku quartel, nanga ana ake akudya kuti?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala athu, mlimi wa kuno ku Angónia, analankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi mwezi wa Setembro. Tawalemba monga momwe anawalankhulira.

 

Mwezi uno wailesi yathu ikukamba kwambiri za asilikali, poti pa 25 Setembro ndi tsiku lawo, tsiku lokumbukira kuyamba kwa nkhondo ya ufulu mu 1964. Nyimbo tamva, mbiri tamva. Koma kalabu inati pali mbali ina imene sitinaimve, ya anthu amene msilikali amawasiya kumudzi: mkazi, ana, mwinanso ndi mayi wake wokalamba. Nkhaniyi mwandipatsa ine chifukwa ndinachitako tropa zaka ziwiri ndisanabwerere ku khasu, komanso mng'ono wanga ali komweko pakali pano, ndipo munda wa mlamu wanga unachita malire ndi wanga. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mukamva Chipwitikizi changa chapotoka musaseke kwambiri.

Ndiyambe ndi bodza limene lili m'midzi mwathu muno. Mkazi wa msilikali akamadutsa anthu amakodolana, amati uyo ndiye anakwatiwa bwino, boma likumudyetsa, boma limupatsanso nyumba. Pakagwa maliro amamulembera chopereka chachikulu kuposa anzake. Akafuna waganyu, mtengo umakwera. Akapita kukabwereka ufa kwa mnansi, mnansi amaseka, akuti inu a malipiro mungasowe ufa? Ndiye mayi uja amabwerera chimanjamanja, ndipo ulendo wina sapemphanso, amangogoneka ana ndi phala.

Zoona zake ndi izi. Boma limadyetsa munthu amene wavala farda, basi. Ku quartel kuli rancho, ndiye kuti chakudya chophikidwa pamodzi cha asilikali onse. Momwe ndinali ine timadya nsima kapena mpunga, ndiwo nyemba, masiku ena karapau, m'mawa tiyi ndi buledi. Kogona kuli caserna, chinyumba chachitali cha mabedi ondandalika. Nsapato, malaya, bulangete amakupatsa. Ukadwala amakuona. Zonsezi ndi za iwe mwini thupi. Mbale ya rancho sungaitumize pa M-Pesa. Bedi la m'caserna sungagonekepo mwana wako. Banja la msilikali limadya ndi kugona kuchokera pa malipiro ake, ndipo malipiro amodziwo akuyenera kuyang'ana mbali ziwiri, chifukwa naye kumene aliko amafuna sopo, amafuna crédito ya foni, amafuna ya chapa yobwerera kuno akapatsidwa tchuthi.

Ndipo tisasakanize asilikali onse mu dengu limodzi. Pali mnyamata amene akungochita Serviço Militar Obrigatório, uja analembetsa pa recenseamento ya Janeiro ndi Fevereiro atakwanitsa zaka 18, kenako n'kuitanidwa. Ameneyu kangachepe kamene amalandira sikomangira banja ayi. Pali wina amene anatsalira m'usilikali kukhala ntchito yake, nayamba kukwera, mwina mpaka kukaphunzira usajeni ku Boane kapena uofesala ku Academia Militar ya ku Nampula. Ameneyu ndiye wa malipiro enieni. Ndipo amene atumizidwa kunkhondo ku Cabo Delgado ali ndi ina yowonjezera, asilikali amaitcha subsídio de empenhamento. Sinditchula malipiro a munthu pano, chimenecho ndi chinsinsi cha banja. Ndingoti mkazi aliyense ayenera kudziwa kuti mwamuna wake ali m'gulu liti, ndipo pa ndalama zimene zimagwa, ziti ndi zokhazikika, ziti ndi zimene zidzasiye tsiku limene adzamuchotse kutsogolo. Wowerengera subsídio ngati malipiro a muyaya, mwezi umene idzaleke adzadabwa.

Chinthu china chasintha, ndipo makolo ambiri sanachimvetse. M'nthawi yanga tropa inali zaka ziwiri. Kumapeto kwa 2023 nyumba ya malamulo inavomereza kuti zikhale zaka 5, ndipo a magulu apadera zaka 6. Kwa munthu wa m'tauni mwina ndi manambala chabe. Kwa ife alimi zaka 5 ndi dzinja kasanu. Ndi kugalauza kasanu, kupalira kasanu, kukolola kasanu popanda dzanja la mwamuna. Mwana amene wamusiya ali kumsana ukamupeza atatsala pang'ono kuyamba sukulu. Ndipo mukudziwa kuno kwathu mnyamata wa zaka 20 nthawi zambiri amakhala ali kale ndi mkazi. Dzinja liwiri achibale amapirira kukuthandiza. Lachitatu amayamba kung'ung'udza. Lachinayi aliyense ali m'munda mwake.

Tsopano za nyumba. Inde, m'mizinda ikuluikulu monga Maputo ndi Nampula muli bairro militar, nyumba za boma za asilikali. Koma nyumbazo ndi zochepa, asilikali ndi ambiri, ndipo mnyamata wolowa dzulo asaziwerengere. Chimene chimachitika ndi chakuti mkazi akatsatira mwamuna ku Tete, ku Beira kapena ku Chimoio, amakachita renda kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya munthu. Kumeneko chilichonse ndi ndalama. Makala ndalama. Madzi ndalama. Credelec ndalama. Masamba a maungu amene kuno timadyetsa nkhumba, kumeneko amamanga timitolo n'kugulitsa. Ku Tete kutentha kwake mwana wa ku Angónia sagona, mufunikanso fani. Mwezi usanafike pakati malipiro atha. Ndiye chopweteka kwambiri chimabwera: mwamuna amutumiza kwina, mwina kumpoto kuja kumene nkhondo inayamba mu Outubro 2017, ndipo sangatenge banja. Mayi uja watsala m'tauni ya eni, alibe munda, alibe m'bale, mwini nyumba akugogoda pa 30 paliponse. Munda wa kumudzi anaubwereketsa kwa msuweni, kuti aulande pakati pa dzinja ndi mlandu.

Maganizo anga, ndipo amene akutsutsa adzayankhula ndikakhala pansi, ndi akuti banja la msilikali wamng'ono lisasiye munda. Munda ndiwo malipiro achiwiri. Banja limene lili ndi nkhokwe silidalira dzanja limodzi ayi, ngakhale pepala la boma likuti wolandira ndi mmodzi. Ndikudziwa mtengo wake, amayi musandiyang'ane choncho. Kukhala motalikirana kumaziziritsa banja. Amuna ena kumeneko amapeza wowachapira, kenako wowachapira uja ali ndi mwana, malipiro aja tsopano akuyang'ana mbali zitatu, ndipo pobwera kutchuthi amabweretsa ndi matenda omwe. Zimenezi zimachitika, ndinaziona ndi maso. Koma mankhwala ake si kugulitsa mbuzi n'kukakhala pa renda. Kuli bwino mkazi azipita kukacheza kukolola kukatha, Julho kapena Agosto, ngati kumene aliko mwamuna kuli kofikika, n'kubwerera mvula isanagwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi chakudya, poti apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa mlamu wanga akudya anthu 6, kuphatikiza agogo. Lata imodzi ya chimanga, ija ya malita 20, imawatha sabata imodzi, akamadya nsima masana ndi madzulo. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye malata 52. Thumba la makilo 50 limalowa pafupifupi malata atatu. Mukagawa mupeza matumba 17 kapena 18 pa chaka, osawerengera alendo, maliro, ndi cholipira aganyu. Tingoti matumba 20 kuti mtima ukhale m'malo. Tsopano funsani: matumba 20 amenewa ndi otsika mtengo kuwagula kapena kuwalima? Kuno ku Angónia, dothi lathu ndi mvula yathu, yankho mukulidziwa nonse. Ndalama yogula matumba ochepa a feteleza, wa 12-24-12 wobzalira ndi ureia wobereketsa, imabweza chimanga chimene kuchigula pa msika mwezi wa Janeiro kungadye malipiro a miyezi ingapo.

Vuto ndi lakuti malipiro ndi munda siziyendera limodzi. Malipiro amadontha mwezi ndi mwezi ngati denga lothonya. Munda umafuna ndalama zambiri nthawi imodzi: Setembro ndi Outubro feteleza ndi mbewu, Dezembro aganyu opalira ndi kubandira, Maio ngolo yotuta ndi mankhwala a anankafumbwe. Mayi amene amadya yonse imene yagwa mwezi umenewo, pofika Outubro amapezeka alibe ya feteleza, amabzala chimanga pa dothi lokha, Fevereiro ali pa mzere wa msika kugula lata pa mtengo wa njala. Ndiye chaka chimenecho malipiro onse athera m'mimba, ndipo chaka chotsatira chimodzimodzi. Kutuluka m'dzenje limeneli n'kovuta.

Njira imene ndaiona ikugwira ndi ya xitique ndi magulu a poupança. Amayi anayi kapena asanu a malipiro, kaya ndi akazi a asilikali, a aphunzitsi, a apolisi, azisonkha mwezi ndi mwezi, koma agwirizane kuti kulandira kuzigwa miyezi imene munda ukufuna. Osati kulandira xitique mu Junho n'kukagula sofa. Sofa ndi yabwino, koma sabereka. Wina akhoza kumagula feteleza thumba limodzilimodzi kuyambira Maio, n'kumasunga pouma, pamwamba pa matabwa. Pofika mvula ali nawo wokwana osamva kuwawa.

Ndipo chonde, chimanga cha kudya chisagulitsidwe pokolola. Mwezi wa Maio ndi Junho ogula amadzaza m'misewu ndi masikelo awo, ena ochokera kutsidya kwa malire, ku Dedza ndi ku Lizulu, ndipo mtengo umakhala pansi. Chimanga chomwecho mudzachigula Janeiro mtengo utakwera. Ngati mukufuna ndalama gulitsani soya, nyemba, kachewere. Matumba 20 aja muwathire mankhwala, kapena muwaike m'matumba aja osalowa mpweya, muiwale kuti alipo.

Chifukwa chimene ndikulimbikira za nkhokwe ndi ichi: malipiro a boma amabwera, koma sikuti nthawi zonse amabwera pa tsiku lake. Mu 2022 boma linabweretsa ndondomeko yatsopano ya malipiro a ogwira ntchito zake, ija timaimva kuti TSU, ya masitepe 21, yotsikitsitsa inayamba ndi ndalama zopitirira pang'ono 8,700 meticais. Kusinthako sikunayende myaa. Madokotala ananyanyala ntchito, aphunzitsi anadandaula, ndipo mu 2023 tinamva pa mawailesi kuti malipiro a apolisi ndi asilikali achedwa. Komanso ngakhale ndalama itagwa ku banki, munthu amene ali m'tchire la Cabo Delgado sakhala pafupi ndi foni yogwira. Kumbukirani kuti tauni yonse ya Mocímboa da Praia inakhala m'manja mwa zigawenga kuyambira Agosto 2020 mpaka Agosto 2021. Malo ngati amenewo rede imasowa, munthu amatha masabata osamveka. Mayi ali kuno sadziwa ngati mwamuna ali moyo, pamwamba pake asowenso ufa? Banja la msilikali liyenera kukhala lotha kupirira miyezi iwiri kapena itatu popanda khobidi kulowa. Likapanda kutero limagwa m'manja mwa a katapila, ndipo katapila mukumudziwa, ukabwereka thumba limodzi umabweza awiri.

Ngongole ina ndi ya pa malipiro. Alipo makampani obwereketsa ndalama amene amakonda kwambiri anthu a boma, chifukwa amadula okha ku malipiro munthu asanaigwire n'komwe. Mnyamata amasaina lero, mawa ali ndi njinga yamoto ndi foni yaikulu, ndiye kwa zaka zingapo malipiro amabwera oduka. Mkazi kumudzi akudabwa kuti bwanji ndalama yachepa, akuganiza kuti kuli mkazi wina, pamene ndi pepala limene mwamuna anasaina osamuuza. Inu makolo a asilikali, mwana akabwera kutchuthi muuzeni mawu awa: ngongole ya pa malipiro asasaine yekha. Ngati ndi ya malata kapena ng'ombe za ngolo, ndipo mkazi wavomera, chabwino. Ngati ndi yoti anzake amuone, aleke.

Tsopano ndifike pamene pavuta, ndipo apongozi amene muli pano mundikhululukire. Ndani agwire cartão ya ku banki? Ndani alandire M-Pesa kapena e-Mola? Milandu yambiri imene a mfumu akuweruza ya mabanja a asilikali gwero lake ndi limeneli. Mayi wa msilikali akuti ndinamubereka ndine, ndinamulera ndi ganyu, lero mkazi wobwera dzulo adye yekha? Mkazi akuti ana ndi ake, ndikulera ndine. Onse awiri akunena zoona. Ndiye pamabwera achimwene, amalume, msuweni wofuna ya mayeso, mlongo wofuna ya chipatala, aliyense akuimba foni kwa msilikali mwamseri. Mnyamata uja ali pa ulonda usiku ndi mfuti, mutu uli kumudzi, akuopa kukana aliyense. Amatumiza pang'ono uku, pang'ono uku, mapeto ake palibe amene wakhuta ndipo onse akumuda.

Kwathu tinachita chonchi, ndipo mpaka lero mtendere ulipo. Mng'ono wanga asananyamuke tinaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, tinakhala pansi. Iye mwini ananena ndi pakamwa pake, onse akumva, kuti ndalama ikagwa gawo lakuti ndi la nyumba yake, gawo lakuti ndi la amayi, gawo lakuti ndi lake la kumene ali. Ya amayi imapita pa foni ya amayi, ya mkazi pa foni ya mkazi, kuti wina asamapemphe kwa mnzake. M'bale wina aliyense wofuna thandizo asaimbe kwa msilikali, adze kwa ine mkulu wake, tione ngati n'zotheka. Ena anakwiya mwezi woyamba, kenako anazolowera. Ife achimwene a asilikali tili ndi manja awiri ndi minda yathu. Si bwino kuti munthu wamphumphu azidikira malipiro a mng'ono wake amene akugona m'dzenje.

Pa za mafoni zomwezi, chenjerani ndi akuba. Uthenga uja wakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, tonse tinaulandirapo. Koma kwa akazi a asilikali amabwera ndi bodza lowawa: amaimba kuti ndine mnzake wa amuna anu, avulala, tumizani ndalama ya mankhwala msanga. Mayi ndi mantha amatumiza zonse. Msilikali akavulala pa ntchito amamusamala ndi a usilikali, safunsa mkazi ndalama ya pa foni. Mukalandira foni yotere musatumize kanthu, ndipo PIN yanu musauze munthu, ngakhale wa pa banca amene amakuthandizani kutapa.

Ndibwerere ku nyumba, tsopano ya kumudzi. Msilikali aliyense amalota nyumba ya malata, ndipo n'zoyenera. Koma funso loyamba si la malata angati, ndi lakuti imangidwa pa malo a yani. Kuno tili ndi miyambo iwiri. Pa chikamwini mwamuna amamanga kwa mkazi, ndiye abale a mwamuna amadandaula kuti ndalama za mwana wathu zikukongoletsa mudzi wa eni. Pa chitengwa mkazi ali kwa mwamuna, ndipo zinthu zikavuta ndi iye amene amauzidwa kuti nyamula ana uzipita kwanu, nyumba ndi ya m'bale wathu. Taziona zimenezi, tisanamizane. Mayi amene anaumba njerwa yekha, anatunga madzi a womanga yekha, mwamuna ali kutali, n'kutuluka ndi kamtolo ka zovala.

Lamulo la malo la 1997 linanena kuti nthaka ndi ya boma, koma munthu amene akukhala kapena kulima pa malo motsata mwambo ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, uja amati DUAT, mwamuna ndi mkazi chimodzimodzi, ndipo ngakhale popanda pepala umboni wa anthu a m'mudzi umamveka. Ndiye tiyeni tiugwiritse ntchito umboniwo nthawi ikadalipo. Musanakumbe maziko itanani a mfumu ndi ankhoswe, aime pa malopo, msilikali anene kuti nyumba iyi ndi ya ine, mkazi wanga ndi ana anga. Zilembedwe m'kope, asaine, a mfumu asunge tsamba lawo. Kaya ndi kuchikamwini kaya kuchitengwa, zimenezo mugwirizane nokha. Chofunika n'chakuti mawuwo anenedwe mwini wake ali moyo ndipo ali pomwepo.

Kamangidwe kake, yambani ndi yaing'ono. M'mbali mwa msewu wopita ku Ulónguè mwaziona nyumba za zipinda zisanu ndi chimodzi zimene zinaima pa mawindo, udzu ukumera m'kati. Zipinda ziwiri zofoleredwa zimaposa zimenezo. Njerwa umbani Junho ndi Julho, otchani kusanagwe mvula, zimenezi sizifuna malipiro, zifuna manja ndi nkhuni. Malata gulani awiriawiri, saola. Simenti yokha musagule msanga, imagwira chinyezi n'kuuma m'thumba, mudzalira. Gulani sabata imene womanga akubwera.

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira za 1994 kuposa ine, poti ine ndinabadwira ku Dedza makolo ali kothawa nkhondo, ndinabwera kuno ndili wamng'ono. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, asilikali a mbali zonse ziwiri oposa 90,000 anatula mfuti n'kubwerera kwawo. Anawapatsa makasu, mbewu, ndi ndalama ya miyezi 24, miyezi 6 ya boma, miyezi 18 ya mayiko othandiza. Itatha miyezi 24 ija ndalama inaleka. M'mudzi mwathu muno alipo madala awiri amene analandira mofanana. Wina anagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo, ndipo zidzukulu zake zikututira anthu chimanga mpaka lero. Winayo sindinena, mukumudziwa, ndi munthu wosangalatsa pa mowa. Mnyamata wa lero amene akuchita zaka 5 adzabweranso chimodzimodzi, ndi chikwama chimodzi, ndipo chimene adzapeze pakhomo ndi chimene malipiro ake anasanduka iye kulibe.

Pepani amayi, tsopano nditchula chimene sitifuna kuchimva. Usilikali ndi ntchito imene munthu akhoza osabwerako. Zikatero boma lili ndi thandizo la otsala, monga pensão de sangue ya amene wafera pa ntchito, ndi pensão de sobrevivência. Koma ofesi siidziwa nkhope, imadziwa mapepala. Ambiri a ife tinakwatirana kwa ankhoswe kapena kutchalitchi basi. Lamulo la banja limavomereza ukwati wa mwambo ndi wa kutchalitchi, koma uyenera kukalembetsedwa ku Registo Civil. Limavomerezanso anthu amene akhala limodzi ngati banja osalembetsa, amati união de facto, ndipo kuyambira 2019 pafunika zaka zopitirira zitatu. Koma kuti ukatsimikize zimenezo mwini wake atapita, pamene mwina kwatulukiranso mayi wina wa ku Nampula ndi mwana kumsana, ndi ntchito yolemetsa munthu amene ali pa chisoni. Chaka chomwecho cha 2019 lamulo la chuma cha masiye linasinthanso, linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pa mzere woyamba pamodzi ndi ana. Kale anali kumbuyo kwa makolo ndi abale. Achimwene amene mumathamangira kukatenga njinga ndi malata pa maliro, dziwani kuti lamulo silili nanu.

Ndiye msilikali akabwera kutchuthi, tsiku limodzi lokha lisakhale la kuyendera abale. Akwere njinga ndi mkazi wake apite ku vila. Alembetse ukwati. Ana onse akhale ndi mapepala a kubadwa okhala ndi dzina la bambo wawo, ndipo wakhanda mulembetseni msanga, masiku oyambirira salipiritsa. Mkazi akhale ndi BI yake ndi NUIT yake. Alembe penapake nambala ya usilikali ya mwamuna ndi dzina la gulu limene ali. Mapepala onsewa achite fotocópia, ena asunge mkazi m'pulasitiki, ena akasungitse kwa nkhoswe, poti nyumba zathu za udzu moto suchenjeza. Ena amati kukonza zotere n'kuitana imfa. Ine ndinaona anzanga amene anakonza ali moyo mpaka lero, akudya nsima.

Chotsiriza ndi pempho kwa kalabu. M'midzi yathu itatu ino muli mabanja anayi amene amuna awo ali ku tropa, awiri mwa iwo ndi anyamata a Serviço Militar amene alibe malipiro oti n'kulemba aganyu. Mvula ili pafupi, ndipo minda yawo sinagalauzidwe. Makolo athu anali ndi dima, anthu kusonkhana kulima munda wa mmodzi tsiku limodzi, n'kumwa thobwa. Mutu umodzi susenza denga, timanena tokha. Ndamva wina kumbuyoko akuti bwanji tikalimire anthu a boma pamene amasiye alipo. Funso labwino. Amasiye tiwaike pa mndandanda womwewo, ndipo mabanja awiri a malipiro aja agule okha chimera ndi shuga wa thobwa la masiku onse, ndiye kuti aliyense waponyapo chake. Tili anthu oposa 30 m'kalabu muno. Munda wa hekitala imodzi tikaugwira m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu tamaliza mizere.

Ndikupempha a mlembi alembe maina lero tisanabalalike, ndipo a wailesi atilengezere pa pulogalamu ya alimi kuti a midzi ina amve. Tiyambe Loweruka likudzali ndi munda wa kumtunda kwa dambo, uja uli ndi nsenjere zambiri, chifukwa ndi umene ungatichedwetse mvula ikagwa. Aliyense abwere ndi khasu lake, amene muli ndi zikwanje mutengenso. Tikumane pa mjigo 5 koloko m'mawa.